Otsogolera Zisudzo a Kuchigwa

Munthu akatsika mapiri kuchokera ku Blantyre, n'kudutsa pa Thabwa, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, akhoza kuyenda msewu wonse wa Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Tengani mpaka pa boma la Nsanje osaona nyumba yomwe inamangidwira zisudzo zokhazokha. Maholo alipo, a sukulu, a mipingo ndi a khonsolo, koma ntchito yawo ndi mayeso, maukwati ndi misonkhano. Sewero limachita kubwereka tsiku.

Chikhalirecho chigwachi sichinakhalepo chopanda zoonetsa pabwalo, ndipo zoonetsa zilizonse zimakhala ndi munthu kumbuyo kwake. Iyeyo ndiye amasankha tsiku, amagawa mbali, amakagwada kwa amfumu, amasaka ng'oma, amathamangira ochedwa. Kuno munthu ameneyu sanakhalepo ndi ofesi. Ntchitoyi wakhala akuigwira pamodzi ndi khasu, choko kapena ukonde, ndipo n'chifukwa chake tsiku lake limatha asanakhale pansi.

Mbiri yake iyenera kuyambira ku Khulubvi, nkhalango yopatulika ya kufupi ndi boma la Nsanje, kumene kuli kachisi wa M'bona. Zochitika kumeneko ndi mapemphero, ndipo eni ake sangalole kuti wina azitche sewero. Koma luso losonkhanitsa khamu ndi kuliyendetsa mwadongosolo, lomwe wotsogolera zisudzo aliyense amalisirira, Amang'anja akhala nalo kumeneku kwa zaka mazana angapo.

Kachisi akakalamba amamangidwanso, ndipo mwambo umati ntchitoyo iyambe ndi kutha tsiku lomwelo. Kuti tsiku limodzilo litheke, mauthenga amayenera kuyenda kale: kwa Lundu ku Mbewe, kwa Tengani, kwa Malemia, kwa Ngabu wa ku Nsanje, mpaka kumidzi ya kutsidya ku Mozambique komwenso M'bona amalemekezedwa. Zokolola za mowa wa nsembe zisonkhedwe, mitengo ndi udzu zifike, nsalu zakuda zipezeke. Wolowa m'nkhalangomo amavula nsapato. Mkulu aliyense ali ndi malo ake oima ndi nthawi yake yoyankhula, ndipo Salima, mayi wopatulidwa kukhala mkazi wa M'bona, ali ndi mbali yake yomwe wina sangaitenge. Kukalakwika kanthu, oyendetsa mwambo amakhala ndi mlandu waukulu, poti nkhani yake ndi ya mvula, ndipo mvula m'chigwa chouma ngati ichi ndiyo imalekanitsa chaka cha nkhokwe ndi chaka cha nyika.

Nkhani ya M'bona mwiniwakeyo imakambidwa mosiyanasiyana, koma msana wake ndi umodzi. Mnyamata anavina mvula ikulephera akuluakulu, mvula inagwa, nsanje inabuka. Anathawa cholowera kummwera, adani ali pambuyo, akusiya zizindikiro pamiyala pomwe anapumula. Atamugwira chakumadambo a Ndindi, zitsulo zinakanika kumulasa mpaka iye mwini ataulula chomwe chingamuphe. Magazi ake anayenderera ngati mtsinje, ndipo mutu wake unaikidwa ku Khulubvi. Aliyense wodziwa zisudzo akamva nkhaniyi amaona kale magawo ake.

Boma la atsamunda linaidziwa mphamvu ya bwalo limeneli m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, pamene linakakamiza alimi kuunda mitumbira m'minda. Alangizi anabwera ndi malamulo ndi zindapusa, mfumu Molin Tengani ili mbali ya boma. Anthu anali ndi uthenga wina, woti malimidwe achilendowo M'bona sakuwafuna ndipo akutseka mvula. Chilala cha 1949 chinangoikira umboni maganizo amenewo. Akuluakulu amaikumbukira nyengoyo kuti nkhondo ya mitumbira, ndipo boma silinapambane. Uthenga wodutsa m'nyimbo, m'mizimu ndi m'nkhani za madzulo unafika kutali kuposa wa pa pepala.

Achinyamata nawonso anali ndi sukulu yawoyawo. Pakati pa Asena, amene anayamba kulowa m'chigwa mwaunyinji kuchokera ku Zambezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, munali magulu a nomi. Anyamata ndi atsikana ankagwira maganyu pamodzi, makamaka m'minda ya thonje, n'kumasunga malipiro kuti nyengo ikatha achite phwando la nyama ndi magule. Ankasankha atsogoleri awo. Mtsogoleri wa nomi ankafunafuna munda wogwiramo, kukambirana mtengo ndi mwini wake, kusunga thumba, kuweruza okangana, kenako n'kukonza tsiku la chisangalalo ndi oimba ake. Amene amayendetsa magulu a zisudzo a achinyamata lero ku Nsanje akugwira ntchito yomweyo, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Ngakhale mavuto ake sanasinthe: wina wadya ndalama za gulu, wina wakwatiwa pakati pa nyengo, wina wapita kukasaka ganyu kutali.

Utse, likhuba ndi valimba zinali ndi akatswiri ake, moti Hugh Tracey, wojambula nyimbo za mu Africa uja, atafika ku Nyasaland mu 1958 anatsikira ku Chikwawa ndi ku Port Herald, dzina lakale la Nsanje, kudzatola mawu a ng'oma za kuno. Chakumtunda kwa chigwa, monga kwa Chapananga, gule wamkulu anali ndi atsabwalo ake, odziwa chilombo choyenera kutsogola, choyenera kutseka, ndi mtunda womwe amayi oimba ayenera kuima. Zilombo zina zimabwera kudzaseketsa, zina kudzadzudzula khalidwe loipa la m'mudzi. Choncho pamene zisudzo za masiku ano zinkafika, zinapeza anthu ozolowera kale kuseka ndi kudzudzulidwa pabwalo limodzi.

Dziko litalandira ufulu, boma latsopano linaphunzirapo kanthu pa kulephera kwa atsamunda. Nthambi ya ulangizi ku unduna wa malimidwe inayamba kutumiza magalimoto m'midzi ndi m'misika, onyamula kanema ndi masewero a zidole. Mawu ankakhala ojambulidwa kale pa tepi, zidole n'kumagwedezeka pakazenera ka galimoto, kuphunzitsa kubzala pa nthawi yake, kupopera mbewu ndi kubweza ngongole. Ana ankathamangira, akulu ankaseka. Vuto lake linali loti tepi simva funso. Mlimi wokhala ndi chifukwa chomveka chokanira malangizo analibe womuyankha, ndipo galimoto ikanyamuka nkhani inkathera pomwepo.

M'zaka zomwezo nkhani ya M'bona inali paulendo wina, wokwera mapiri. Wansembe wa Chikatolika wochokera ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, anafika m'dziko muno mu 1955 n'kudzagwira ntchito m'chigwa, ndipo m'malo mongolalikira anayamba kukhala pansi ndi akuluakulu a ku Khulubvi n'kumalemba zomwe ankamuuza. Anakachita maphunziro ku Oxford pa nkhani yomweyi, n'kudzaphunzitsa ku yunivesite ya Malawi. Buku lake lalikulu, River of Blood, linatuluka mu 1992. Asanatero, E. W. Chafulumira anali atalemba kale Mbiri ya Amang'anja m'chinenero chathu. Zolemba zoterezi zinafika m'manja mwa mphunzitsi wachinyamata wa ku Chancellor College, Steve Chimombo, ndipo iye anaumba sewero lotchedwa The Rainmaker. Linaseweredwa ku Zomba mu 1975, n'kusindikizidwa mu 1978.

Seweroli ndi limodzi mwa masewero olemera kwambiri omwe Mmalawi analembapo. Muli M'bona, muli Kamundi wansembe wa nsato amene mvula yamukana, muli matsano oyankhira nkhani ikamayenda. Oonera a nthawi imeneyo, anthu akumangidwa popanda mlandu, sankafunika kuwamasulira tanthauzo la mkulu woopa mnyamata waluso mpaka kumupha. Chimombo anabisala m'mbiri yakale kuti anene za lero lake, ndipo anapulumuka. Chomvetsa chisoni n'chakuti seweroli ndi la Chingerezi, ndipo linabadwira pa koleji, kutali ndi Khulubvi. Chigwa chinapereka nkhani, koma agogo osunga kachisi sakanatha kutsatira mzere ndi umodzi womwe wa zomwe M'bona wa pasiteji ankayankhula.

Wotsogolera zisudzo woyamba wa mtundu watsopano m'chigwamu anali mphunzitsi wa Chingerezi. Kuyambira mu 1969 bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM linkachititsa mpikisano wa masewero m'sukulu za sekondale, ndipo sukulu iliyonse yofuna kutchuka inkayenera kupeza mphunzitsi wodzipereka. Mphunzitsi wotere, kaya ku Chikwawa, ku Ngabu, ku Bangula kapena ku Nsanje, ankaphunzitsa tsiku lonse m'kalasi la malata otentha, n'kuchonga makope, kenako madzulo n'kukankhira madesiki kukhoma kuti ana ayeseze. Sewero ankalemba yekha kapena kuthandizana ndi ophunzira. Zovala zinkachokera m'masutikesi a ana ogonera pasukulu, ndevu zinkapangidwa ndi thonje, lomwe kuno silisowa. Pamwamba pa zonsezi panali lamulo la 1968 lomwe linakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi zoonetsa. Sewero lisanaonetsedwe pagulu linkayenera kuwerengedwa ndi bungwelo, ndipo chiganizo chimodzi chomveka ngati chikunyoza boma chikanatha kumuchotsetsa munthu ntchito, mwinanso kuposa apo. Chilolezo chikabwera pankatsala kupempha lole kwa ahedi yokwezera ana mapiri kupita kumpikisano.

Mipikisano ya ATEM ndi yomwe inatulutsa munthu amene Amalawi amayezerapo kutanganidwa kwa wotsogolera zisudzo aliyense, Du Chisiza Jr. Anabadwa pa 26 March 1963, bambo ake a Dunduzu Chisiza atamwalira kale pangozi ya galimoto chaka cham'mbuyo. Anatchuka ali mwana wa sukulu ku HHI ku Blantyre ndi sewero lake The Deceased's Attack, anakaphunzira za zisudzo ku Philadelphia m'dziko la America, ndipo atabwerako anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Linali gulu loyamba m'dziko muno loti anthu ake azidya za zisudzo basi. Du ankalemba, ankatsogolera, ankasewera mbali yaikulu, ndipo gulu linkayenda m'maholo ndi m'sukulu likudalira ndalama za pakhomo. Sewero limodzi likamazungulira, lina linkakhala likuphikidwa. Analemba masewero oposa 20, ena mwa iwo Fragments, Papa's Empire ndi Democracy Boulevard. Mu 1993 analowa m'boma la MCP ngati nduna ya achinyamata, masewera ndi chikhalidwe, chaka chomwe mwana wa ku Nsanje, Gwanda Chakuamba, anatsogolera komiti yoyendetsa dziko Kamuzu ali m'chipatala. Ndale zitamukanika anabwerera pasiteji. Anamwalira pa 24 February 1999 asanakwanitse zaka 36. Gertrude Kamkwatira anatenga chiwongolero cha Wakhumbata, kenako n'kuyambitsa gulu lakelake la Wanna-Do, mpaka imfa yake mu 2006.

Kumbali ya Chichewa kunali Kwathu Drama Group, kwawo kwa John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo. Mawu awo, pamodzi ndi a Kapalepale ndi Pamajiga pa wailesi ya MBC, ankamveka m'misika ya Nchalo ndi Bangula monga ankamvekera kwina kulikonse, ndipo mnyamata aliyense wanthabwala wa kuchigwa anayamba wayeserapo kuyankhula ngati iwo.

Koma magulu onsewa ankakhala ku Blantyre, ndipo chifukwa chake ndi masamu. Gulu lodalira ndalama za pakhomo limafuna holo yotsekeka, magetsi odalirika ndi anthu olandira malipiro. M'chigwa ndalama zimabwera mwa nyengo: thonje likagulidwa, nsomba zikagwidwa ku Elephant Marsh, kapena mwezi ukatha kwa ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo, yomwe inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960. Msewu wa Bangula kupita ku Nsanje unakhala wafumbi kwa zaka zambiri. Njanji yomwe inalumikiza Port Herald ndi Blantyre kuyambira mu 1908 inadulidwa ndi madzi chakufupi ndi Chiromo mu 1997, sitima n'kusiya kufika. Mwini gulu akawerengera mafuta, malo ogona ndi chakudya cha anthu khumi, ankaona kuti ulendo wa kumunsi ukhoza kudya phindu la mwezi wonse.

Chomwe chinatsika n'kukhazikika m'chigwa ndi mtundu wina wa zisudzo, wosalipiritsa pakhomo. Unayambira ku Chancellor College komweko. Gulu la Travelling Theatre, lomwe linayamba cha mu 1970, poyamba linkayenda ndi masewero a Chingerezi m'sukulu. Mu 1981 linapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba kukapanga masewero ochokera m'mavuto a anthu a komweko, ndipo kuyambira mu 1985 Chris Kamlongera, David Kerr ndi ophunzira awo anagwira ntchito ndi a zaumoyo m'midzi ya ku Liwonde. Kumeneko anakhwimitsa njira yomwe lero gulu lililonse la m'mudzi limaidziwa. Osewera amayamba akhala ndi anthu n'kumva madandaulo awo. Sewero likafika pothina, wosewera amatembenukira kwa oonera n'kuwafunsa chochita, ndipo bwalo lonse limalowa m'nkhani. Chomwe tepi ya zidole inkalephera, njira iyi inachikwanitsa.

M'chigwa njirayi inapeza ntchito yodikirira. Kuyambira mu 1986 nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu miyandamiyanda kuno, moti boma la Nsanje linafika pokhala ndi othawa kwawo ochuluka kuposa eni nthaka. Makampu a Mankhokwe, Nyamithuthu ndi Kunyinda anasanduka mizinda ya misasa, kolera anabuka kangapo, ndipo uthenga wa zimbudzi ndi madzi aukhondo unkayenera kufika kwa anthu ambiri osawerenga, oyankhula Chisena. Nyimbo ndi timasewero zinali njira yachidule. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 alendowo anayamba kubwerera, koma Edzi inali itakhazikika. Kenako kunabwera ntchito ya GABLE yolimbikitsa maphunziro a atsikana, yomwe inkatumiza ophunzira a ku Chancellor College kukagona m'midzi masiku angapo asanaonetse sewero. Inayambira ku Machinga n'kufalikira m'maboma onse, ndipo mu 1999 inabala bungwe la CRECCOM la ku Zomba. Achinyamata a m'midzi amene anaonera alendowo anaona kuti palibe chovuta chomwe iwo sangachite. Makalabu a achinyamata, a Edzi Toto m'sukulu ndi a m'mipingo anayamba kukhala ndi magulu awoawo.

Apa ndi pomwe panabadwira wotsogolera zisudzo amene chigwa chimamudziwa lero, ndipo sabata yake ndi yoyenera kuiona bwinobwino.

Imayamba ndi foni kapena kalata yochokera ku bungwe, kuchipatala kapena ku khonsolo: Loweruka kuli msonkhano kwa gulupu wakuti, tikufuna sewero la katemera, kapena la maukwati a ana, kapena la kukonzekera madzi osefukira. Wotsogolera wabwino sayamba ndi kulemba. Amapita pamjigo, pamsika, padoko pomwe mabwato amakocheza, kukamvetsera mmene anthu akuikambira nkhaniyo, chifukwa sewero loyankhula mawu a m'kabuku ka bungwe anthu amalitulukira msanga n'kuyamba kucheza zawo. Akabwerako amalemba mitu yokha m'kope la sukulu: gawo loyamba pakhomo, lachiwiri kwa ankhoswe, lachitatu kwa amfumu. Mawu enieni amabadwa poyeseza.

Ndiye pali kusonkhanitsa anthu. Wosewera mbali ya bambo ndi wakabaza, ndipo ola lililonse lomwe ali poyeseza ndi makasitomala otayika. Wosewera mayi ali ndi mwana kumsana ndi dimba lofuna kuthirira. Wanthabwala wa gulu mwina wagona pamadzi ndi ukonde. M'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, choncho kuyeseza kumadikira dzuwa lipendeke, pansi pa mtengo kapena kuseri kwa tchalitchi, ana a m'mudzi atazungulira kale n'kumaloweza nthabwala zomwe mawa lake adzaziulula sewero lisanafike pomwepo. Wina akalephera kubwera, wotsogolera amalowa m'malo mwake. N'chifukwa chake amadziwa mbali zonse, ya gogo, ya namwino, ya mwana wa sukulu.

Chinenero ndi mutu wina womugoneka mochedwa. Kuyambira mu 1968 Chichewa ndicho chinali cha sukulu ndi wailesi, ndipo Chisena chinadikira mpaka mu 1996 kuti chimveke pa nkhani za MBC. Mibadwo ingapo inakula ikuchita manyazi ndi chiyankhulo cha amayi awo ikakwera kumtunda. Pabwalo la ku Nsanje zinthu zimatembenuka. Nthabwala ya m'Chisena imagwetsa anthu pansi, pomwe yomweyo m'Chichewa imangodutsa. Koma pampando wa kutsogolo pamakhala bwana wochokera ku Lilongwe amene walipira zonse ndipo akufuna kumva uthenga wake. Otsogolera ochenjera amapatsa Chichewa kwa wosewera mlangizi kapena namwino, Chisena kapena Chimang'anja kwa makolo ndi agogo, motero mkangano wa zinenero umakhala mbali ya sewero, monga ulili m'moyo weniweni.

Tsiku likafika amadzuka m'mamawa kukakumbutsa amfumu, poti popanda mawu awo bwalo silidzaza. Amakweza ng'oma ndi chimkuzamawu panjinga. Kutsidya la kummawa kwa Shire, kapena ku Nyachikadza komwe kulibe msewu, ulendo ndi wa bwato, m'madzi okhala ndi ng'ona ndi mvuu. Pabwalo amayamba ndi gule kuti anthu asonkhane, kenako amadikira zoyankhula za alendo olemekezeka, zomwe nthawi zina zimadya dzuwa lonse. Sewero likayamba iye amaima chapambali, diso lina kwa osewera, lina kwa oonera, kuyeza nthawi yoimitsira nkhani ndi kuponya funso. Apa ndi pomwe luso lake limaonekera. Funso likaponyedwa msanga anthu amangoti zii. Likachedwa amakhala atagamula kale mumtima. Ndipo ayenera kudziwa kupereka mpata kwa mayi amene wakweza dzanja mwamanyazi kumbuyo, osanyoza mkulu amene wayankhula kale katatu.

Anthu akabalalika ntchito siinathe. Pali fomu yolemba chiwerengero cha amuna, akazi ndi ana omwe anabwera, pali zithunzi zotumiza pa WhatsApp, pali kusainira alawansi ndi kuigawa mosakondera. Magulu ambiri afera pa kagawidwe ka ndalama kameneka kuposa pa vuto lina lililonse.

Nkhani zina n'zoterera. Miyambo ya kupita kufa ndi kusasa fumbi yakhala pa siteji za m'chigwa kuyambira nthawi ya Edzi, ndipo mu 2016 nkhani ya fisi wa ku Nsanje itamveka pa BBC dziko lonse linaloza chala boma limodzi. Anthu a kuno anapwetekedwa mtima, ena chifukwa cha atsikana ndi amayi amasiye ozunzika, ena chifukwa choona mtundu wawo wonse ukusekedwa. Wotsogolera zisudzo amakhala pakati pa mbali ziwirizi, ndipo oonera ake ndi azakhali ake, apongozi ake, anamkungwi omwe anamulera. Sewero longotukwana mwambo limachititsa akuluakulu kunyamuka. Lomwe limaonetsa mayi wamasiye ndi mantha ake onse awiri, a matenda ndi a tsoka logwera banja akakana mwambo, ndilo limachititsa mafumu kuyankhula poyera. Kulemba sewero lotere kumafuna kulimba mtima kosachepera kwa omwe ankazemba bungwe lounika masewero.

Chimodzimodzi nkhani ya madzi. Mu January 2015 Ruo ndi Shire zinasefukira moopsa, anthu oposa 200,000 m'dziko muno anasowa pokhala, ndipo Makhanga inatsala pachilumba. Kunabweranso anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022 yemwe anagumula damu la Kapichira, ndi Freddy mu 2023. Uthenga wa boma ndi mabungwe sunasinthe: samukirani kumtunda. Masewero ambiri amaonetsa wokana kusamuka ngati chitsiru chomwe pomaliza chimakokoloka. Oonera amaseka, koma sasamuka, popeza akudziwa chomwe seweroli labisa. Dothi la kudimba ndilo limabereka chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe, pomwe kumtunda kuli miyala ndi malo a eni ake. Manda a makolo ali kumunsi, ufumu uli kumunsi. Otsogolera omwe amalemekeza anthu awo amamupatsa wokanayo mawu amphamvu, n'kusiya bwalo likangane za malo, za mijigo, za sukulu ndi za ufulu wobwerera kukalima. Msonkhano wotero umatha mochedwa, ndipo a bungwe ena sakondwa nawo, koma ndi wokhawo womwe anthu amakaupitiriza kunyumba.

Madzi akabwera, wotsogolera nayenso amakhala wothawa. Kalasi yomwe ankayesezeramo imasanduka kampu, ng'oma zanyowa kapena zapita, osewera amwazikana ku Bangula ndi kwa achibale. Nthawi yomweyo ndi pomwe mafoni amachuluka, poti m'makampu mumafunika masewero a kolera ndi a nkhanza kwa atsikana.

Pali chinthu chimodzi chomwe ntchito yonseyi yasiya m'mbuyo, ndipo n'chodandaulitsa. Mutu wa sewero amasankha ndi wolipira. Kwa zaka zoposa 30 achinyamata aluso a ku Chikwawa ndi Nsanje asewera za udzudzu, zimbudzi, makondomu ndi mavoti, zonse zofunika, koma nkhani zazikulu za kwawo sizipeza wozilipirira. Chigwa ichi ndi chomwe Chibisa analandiriramo David Livingstone mu 1859. Ndi momwe Amakololo omwe anabwera ndi Livingstone ngati onyamula katundu anasanduka mafumu, maina a Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima alipo mpaka lero. Muli nkhani ya Lundu ndi ufumu wake, ya sitima zapamadzi za ku Chiromo, ya madzi omwe anameza minda ya thonje chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 amuna n'kuyamba ulendo wa ku Salisbury, ya doko la Nsanje lomwe linatsegulidwa ndi chikondwerero mu 2010. Wolemba mbiri Elias Mandala anadzaza mabuku ndi zimenezi. Boma linapereka dzina la Khulubvi ku UNESCO mu 2011 kuti liganiziridwe kukhala malo a chuma cha dziko lonse, ndipo gulu la Mgumano wa Asena na Amang'anja limasonkhanitsa anthu kudzaonetsa magule awo. Malo oonetsera M'bona wa m'Chimang'anja kapena m'Chisena alipo, oonera alipo, osewera alipo. Chosowa ndi munthu kapena khonsolo yoti ilipire gulu miyezi iwiri yoyeseza popanda kufunsa kuti uthenga wake ndi wa pulojekiti iti.

Pakadali pano khomo latsopano latseguka pa wailesi za m'dera. Nyanthepa ku Nsanje ndi Gaka ku Bangula zimaulutsa m'zinenero za kuno, ndipo sewero la pawailesi silifuna bwato kapena chilolezo cha bwalo. Lawonjezera ntchito ina pa mapewa omwewo: wotsogolera tsopano ayenera kudziwa kujambula mawu, kuthamangitsa mbuzi ndi ana pafupi ndi maikolofoni, ndi kudula sewero la ola limodzi kuti likwane mphindi 15 zomwe wolipira wagula. Achinyamata ena ayamba kujambula timasewero pa foni n'kumatiika pa Facebook ndi TikTok, ndipo Asena okhala ku Blantyre, ku Beira ndi ku Johannesburg amatumizirana. Mvula ikamayandikira, makomiti oona za ngozi m'midzi amayamba misonkhano yawo, ndipo magulu omwe anabalalika nthawi yokolola amaitanidwanso, ena mwa osewera ake atapita kukadula nzimbe ku Nchalo, m'malo mwawo mutalowa ana a Fomu 2 oyenera kuphunzitsidwa kuyambira poima.